Linga la Gereza ku Kilwa: analimanga ndani, nanga munthu angakafikeko bwanji?

Funso: Ndimakhala ku Karonga ndipo ndimapitapita ku Dar es Salaam kukaoda katundu. M'sitolo ina ku Kariakoo ndinaona kalendala yokhala ndi chithunzi cha linga logumuka m'mphepete mwa nyanja, pansi pake atalemba kuti Kilwa. Mwini sitolo anati analimanga ndi Apwitikizi, mnzake n'kutsutsa kuti ndi la Aluya. Zoona ndi ziti? Kodi ndi Kilwa yomwe ija tinkaimva kusukulu pa nkhani ya akapolo? Nanga munthu wochokera kuno angakafikeko bwanji?

Yankho: Bambo, anthu awiriwo aliyense anagwira mbali yake ya nkhani, koma wachiwiriyo ndiye anayandikira kwambiri. Linga munaliwonalo limatchedwa Gereza ndipo lili pa chilumba cha Kilwa Kisiwani, m'chigawo cha Lindi, kummwera kwa Tanzania. Apwitikizi anamangadi linga pamalowo m'chaka cha 1505, koma makoma ambiri amene aima lero anamangidwa cha m'ma 1800, nthawi imene Aluya a ku Oman ankalamulira gombelo. Za Apwitikizi zatsala zochepa, zomwe zinamezedwa m'kati mwa linga lachiwirilo.

Muyambe mwadziwa kuti malo otchedwa Kilwa alipo atatu, chifukwa apa ndi pamene alendo ambiri amasokonekera. Kilwa Kisiwani ndi chilumba chokhala ndi mabwinja. Kilwa Masoko ndi tauni ya masiku ano, kumtunda, moyang'anana ndi chilumbacho, ndipo ndi kumene kuli boma, malo ogona ndi doko. Kilwa Kivinje ili chakumpoto kwa Masoko, ndipo iyi ndiyo Kilwa ya m'mabuku a kusukulu, kumene kunkathera maulendo a akapolo ochokera ku nyanja yathu m'zaka za m'ma 1800.

Kuti mumvetse chimene Apwitikizi ankafuna pa kachilumba kameneka, ganizirani za mphepo. Monga ife tili ndi mpoto ndi mwera pa Nyanja ya Malawi, Aswahili ali ndi kaskazi, yowomba kuchokera kumpoto chakummawa kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, ndi kusi, yowomba kuchokera kummwera kuyambira mu Epulo. Zombo za matanga zochokera ku Arabia ndi ku India zinkatsika ndi kaskazi n'kubwerera ndi kusi. Kilwa ndiye anali malire akummwera amene chombo chikanafika n'kubwerera kwawo chaka chomwecho. Wopitirira mpaka ku Sofala, kufupi ndi Beira wa lero, ankatsala m'njira kudikira mphepo ya chaka china. Tsono golide wochokera ku dziko la Great Zimbabwe ankatulukira ku Sofala komweko. Mafumu a Kilwa anagwira njira ya pakati pa Sofala ndi kwawo, ndipo golide yense, minyanga ya njovu, nsalu za ku India, mikanda ndi mbale zadothi za ku China zinkadutsa m'manja mwawo. Anafika posula ndalama zawo zamkuwa, ndipo imodzi mwa ndalamazo inapezeka m'mabwinja a Great Zimbabwe, kutali kumtunda. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco uja, anafika pa Kilwa mu 1331 mu ulamuliro wa Sultan al-Hasan ibn Sulaiman, ndipo anauwerengera mzindawu pakati pa mizinda yokongola kwambiri imene anaiona.

Apwitikizi atazungulira kunsonga kwa Africa anaukhumbira golide ameneyu. Mu 1502 Vasco da Gama anaima ndi zombo zake pa doko la Kilwa n'kukakamiza wolamulira mzindawo, Ibrahim, kupereka msonkho wa golide. Golideyo anakasulira chiwiya cha m'tchalitchi chotchedwa Custódia de Belém, chimene chili m'nyumba yosungiramo zakale ku Lisbon mpaka lero. Msonkho utasiya kuperekedwa, mkulu wa nkhondo wa Chipwitikizi Francisco de Almeida anafika mu Julaye 1505, n'kutsitsa asilikali pafupifupi 500. Ibrahim anathawa, mzinda unafunkhidwa, ndipo pasanathe mwezi Apwitikizi anali atautsa linga m'mphepete mwa doko, lomwe analitcha Santiago. Liwiro limenelo linatheka chifukwa sanayambire pansi. Anatenga nyumba yamiyala yomwe inalipo kale n'kuilimbitsa, nagwiritsa ntchito miyala ya nyumba zoyandikana nazo zimene anagwetsa.

Linga limeneli silinawapindulire. Anabwera kudzatenga malonda, koma malondawo anawapha ndi manja awo. Anayamba kuletsa zombo za amalonda a Chiswahili kupita ku Sofala popanda chilolezo chawo, analowerera pa mikangano ya ufumu poika mfumu yawoyawo, ndipo amalonda anangosamutsira katundu wawo ku madoko ena monga Angoche. Malungo nawo sanawasiye asilikali. Mu 1512, patangotha zaka 7, Apwitikizi analisiya lingalo, maso awo n'kutembenukira ku chilumba cha Mozambique. Choncho mukamva munthu akunena kuti Gereza ndi linga la Apwitikizi, dziwani kuti akunena za zaka 7 zokha pa mbiri ya mzinda umene unakhalapo zaka pafupifupi 1,000.

M'zaka zotsatira muli zinthu ziwiri zokhudza ife. Cha m'ma 1587 gulu lankhondo lotchedwa Azimba, lochokera cha ku Zambezi, linazinga chilumbachi. Wansembe wa Chipwitikizi João dos Santos analemba kuti munthu wina wa pachilumbapo anawaonetsa powolokera madzi ataphwa, ndipo analowa usiku n'kupha anthu ambiri. Akatswiri ena a mbiri amalumikiza Azimbawa ndi ankhondo a Lundu, mfumu ya Amang'anja ku chigwa cha Shire. Kenako mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda pamtunda kuchokera ku Tete, nadutsa m'dziko la Amaravi kwa mfumu Muzura, n'kukatulukira ku Kilwa. Zimenezi zikusonyeza kuti njira yochokera kwathu kuno kupita ku gombe limenelo inkadziwika kalekale, Jumbe wa ku Nkhotakota asanabadwe n'komwe.

Kilwa inadzukanso m'zaka za m'ma 1700, ndipo kudzukako kunali kowawa. Ayao anali atayamba kubweretsa minyanga yambiri ku Kilwa, pothawa misonkho ya Apwitikizi ku Mozambique. Nthawi yomweyo Afalansa ankafuna anthu olima m'minda yawo ku zilumba za Mauritius ndi Réunion. Mu 1776 wamalonda wa Chifalansa Jean-Vincent Morice anachita pangano ndi sultan wa Kilwa loti azimupatsa akapolo 1,000 chaka chilichonse. Chuma chitayamba kuoneka, Aluya a ku Oman, amene anali atalanda kale linga la Fort Jesus ku Mombasa m'manja mwa Apwitikizi mu 1698, analanda Kilwa cha m'ma 1785 n'kuikapo kazembe wawo. Ndiwo anamanga Gereza imene munaiona pa kalendala, pamwamba pa zotsala za Apwitikizi. Ntchito yake inali kusunga asilikali, kuyang'anira doko ndi msonkho, komanso kukumbutsa sultan wa pachilumbapo kuti mphamvu zachoka m'manja mwake. M'zaka za m'ma 1840 sultan womaliza anachotsedwa n'kutumizidwa kunja, malonda anasamukira ku Kivinje, ndipo chilumba chinatsala ndi mudzi wa asodzi. Dzina loti Gereza m'Chiswahili limatanthauza ndende, ndipo linachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti igreja, kutanthauza tchalitchi.

Mukamawoloka pa boti, lingali ndilo limayamba kuoneka, litaima m'mphepete mwenimweni mwa madzi, lofiirira ngati chulu. Ndi la ngodya zinayi, lili ndi bwalo pakati, ndipo nsanja zake zozungulira zinaikidwa pa ngodya zopingasana kuti asilikali a pa nsanja iliyonse aziteteza makoma awiri. Musathamangire kulowa. Imani kaye pachipata muone chitseko. Mphuthu zake ndi zamatabwa osemedwa maluwa ndi zilembo za Chiarabu, mofanana ndi zitseko za ku Zanzibar, ndipo chimenechi chokha chikuuzani kuti mwini nyumbayi sanali Mpwitikizi. Kwezani maso ku makoma. Kumunsi kulibe mazenera, koma kumwamba kuli timabowo topapatiza topisira mfuti, ndipo pamwamba pa khoma pali mano ngati a sowo pomwe msilikali ankabisala. M'kati muona zipinda zosanjikizana zozungulira bwalo, madenga ake atagwa, m'makoma mutatsala mabowo ondondozana momwe munkalowa mitanda.

Mabowo amenewo ali ndi phunziro. Nyumba zonse za pa Kilwa anazimanga ndi miyala ya korali, ija imapangika pansi pa nyanja yamchere. Ankaiphwanya m'zibenthu n'kuimanga ndi laimu amene ankamupeza powotcha korali yemweyo pa nkhuni. Yokongoletsera zipata ndi mizati ankaidula pansi pa madzi n'kuisema ikadali yonyowa, chifukwa nthawi imeneyo imakhala yofewa, ndipo ikauma imalimba. Denga linali la miyala ndi laimu, logonekedwa pa mitanda ya mikoko, mitengo ija imamera m'matope a madzi amchere. Mkoko sutalika mowongoka kwambiri, n'chifukwa chake zipinda zambiri n'zazitali koma zopapatiza, zosapitirira mamita atatu m'lifupi. Nyumba ikasiyidwa, chiswe ndi chinyezi zimadya mitanda, denga lolemeralo limagwa, mvula imalowa pamwamba pa khoma n'kusungunula laimu, kenako mbewu za mitengo zimamera m'ming'alu, mizu n'kung'amba khomalo. Gereza ili ndi mdani wina wowonjezera: mafunde amakumba pansi pa maziko, ndipo mbali ina yoyang'ana kunyanja inagwa kale. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika mabwinja a Kilwa Kisiwani ndi a pa chilumba china chapafupi cha Songo Mnara pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1981, koma mu 2004 inawaika m'gulu la malo amene ali pangozi. Panachitika ntchito yolimbitsa makoma, kuteteza gombe ndi kubzala mikoko, mothandizidwa ndi mabungwe monga World Monuments Fund, ndipo mu 2014 anachotsedwa m'gulu langozilo. Pokonzapo amagwiritsa ntchito laimu wa makolo. Simenti siyenera pa korali, chifukwa imatsekera chinyezi ndi mchere m'kati, mwala n'kumafumbutuka kuseri kwake.

Langizo lathu lalikulu ndi lakuti musathere nthawi yanu yonse pa Gereza. Mwa mabwinja onse akuluakulu a pachilumbapo, iyo ndiyo inamangidwa posachedwa kuposa onse, ndipo theka la ola likukwanirani. Chimene chimaimitsa munthu ndi Mzikiti Waukulu, womwe uli kamtunda pang'ono kudutsa m'mudzi. Mbali yake yakale ndi ya zaka za m'ma 1000 mpaka 1100, ndipo anaukulitsa m'ma 1300. Mukalowa mumapeza mizati ili m'mizere, pamwamba pake pali timadenga tozungulira ngati miphika yovundikira, tina tikadali tathunthu. Kunja kukhale kotentha bwanji, m'katimo mumazizira, ndipo mawu amamveka ngati muli m'phanga. Chapafupi pali kamzikiti kena kakang'ono ka madenga ozungulira, ka m'ma 1400, komwe kanasungika bwino kuposa nyumba zina zonse. Chakumadzulo kuli Makutani, nyumba yachifumu yokhala ndi mpanda wautali, ya m'ma 1700, yomangidwa ndi ndalama za minyanga ndi akapolo zija.

Kenako pali Husuni Kubwa, pafupifupi makilomita awiri kummawa kwa mudzi, pamwamba pa phompho loyang'ana nyanja. Imeneyi inali nyumba ya Sultan al-Hasan ibn Sulaiman, wa nthawi ya Ibn Battuta uja. Inali ndi zipinda zoposa 100, bwalo la masitepe lochezera alendo, bwalo lalikulu losungira katundu wamalonda, ndi dziwe losambira la ngodya 8 lomwe likuonekabe bwinobwino. Ambiri amatopa asanafikeko n'kubwerera, koma amenewo amataya gawo labwino la ulendo. Zambiri zimene tikudziwa za nyumbazi zinachokera ku ntchito yofukula imene katswiri wa ku Britain Neville Chittick anatsogolera kuyambira 1958 mpaka 1965. Kale Azungu ena ankanena kuti mizinda yotereyi inamangidwa ndi alendo a ku Arabia ndi Persia okhaokha. Zofukulidwa zinaonetsa kuti pansi pa nyumba zamiyala pali mudzi wakale wa nyumba zadothi ndi miphika ya Chiafirika, ndipo lero akatswiri amavomereza kuti Kilwa unali mzinda wa Aswahili eni, Aafirika amene analandira Chisilamu n'kumachita malonda ndi dziko lonse.

Tsopano za ulendo. Popeza mumafika kale ku Dar es Salaam, yambirani komweko. Kilwa Masoko ili pa mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 300 kummwera, msewu wake ndi wa phula. Chenjerani ndi pokwerera: mabasi ochokera ku Mbeya ndi Kyela amatsitsa ku depoti ya Magufuli ku Mbezi, koma opita kummwera ambiri mumawapeza ku Mbagala Rangi Tatu, mbali ina ya mzinda, ndipo amanyamuka m'mamawa. Gulani tikiti dzulo lake. Ulendo umatenga maola 5 kapena 6, ndipo mumawoloka mtsinje wa Rufiji pa mlatho wa Mkapa. Ngati basi yanu ndi ya ku Lindi kapena Mtwara, siilowa ku Masoko. Tsikirani pa mphambano ya Nangurukuru, pomwe mupeza magalimoto ang'onoang'ono otsiriza makilomita pafupifupi 30 otsalawo. Wofuna kupewa Dar es Salaam angathe kuchokera ku Mbeya kudzera Makambako, Njombe, Songea, Tunduru, Masasi ndi Lindi. Ndi masiku angapo pa basi, koma kuchokera ku Tunduru kupita kugombe mumakhala mukudutsa dziko lomwe munkayenda maulendo a Ayao.

Pa nkhani ya nthawi pali misampha iwiri imene inu mwina mukuidziwa kale, koma anzanu oyenda nawo angagweremo. Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Komanso Mswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa, kotero wa boti akati saa mbili asubuhi akunena 8 koloko m'mawa. Bwerezani nthawiyo pomuonetsa pa foni.

Simuloledwa kungokwera boti n'kuyamba kuyendayenda m'mabwinja. Chilolezo chimagulidwa ku Masoko, ku ofesi ya oyang'anira mabwinjawo, musanawoloke, ndipo mumapita ndi wokutsogolerani wovomerezeka. Tengani pasipoti, chifukwa mtengo umasiyana. Malawi sali m'bungwe la East African Community, choncho mudzalipira mtengo wa alendo akunja ngakhale mukulankhula Chiswahili chosalala. Malipiro a boma ku Tanzania amadutsa pa nambala imene amaitcha control number, yomwe mumalipirira ku banki kapena pa foni, ndiye fikani ku ofesiko dzulo lake masana kuti netiweki ikavuta m'mawa musataye tsiku. Ndalama zilipo zitatu zosiyana: ya chilolezo, ya wotsogolera ndi ya boti. Mvanani zonse musanakwere, ndipo funsitsani ngati mtengo wa boti ndi wopita ndi kubwerera komanso ngati likudikirani. Makwacha sinthiranitu ku Songwe, ku Kilwa simupeza wowalandira.

Kuchoka pa doko la Masoko kufika pachilumba ndi makilomita awiri okha. Boti la injini limatenga mphindi 15 kapena 20. Chombo cha thanga chomwe amakwera anthu a pachilumbapo n'chotsika mtengo, koma chimanyamuka chikadzaza ndipo chimayendera mphepo. Chimene munthu wa ku nyanja yathu sachiyembekezera ndi khalidwe la madzi. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo Aswahili amati maji kujaa ndi maji kupwa. Pa gombe limeneli, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, kusiyana kwake kumapitirira mamita atatu. Nthawi yake imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, kotero zimene anakuuzani mnzanu amene anapita sabata yatha sizigwira ntchito lero. Madzi akaphwa boti limaima patali, ndipo mumatsika n'kuyenda m'matope momwe muli zigoba zakuthwa ndi mizu ya mikoko yosongoka. Valani nsapato za pulasitiki zomanga kuchidendene, chifukwa patapata amatsalira m'matope. Foni ndi pasipoti zikhale m'jumbo yomanga bwino. Funsani wotsogolera nthawi ya madzi dzulo lake, ndipo muwoloke m'mawa, popeza masana mphepo imakula n'kudzutsa mafunde panjirapo. Ngati mulibe majekete odzitetezera m'botimo, funani lina.

Pachilumba mumayenda wapansi, maola atatu kapena anayi ngati mukufika ku Husuni Kubwa, ndipo mthunzi ndi wochepa. Munthu aliyense atenge madzi osachepera malita awiri, chipewa ndi kamba wake. Miyezi yabwino ndi Juni mpaka Okutobala, pamene kuli kouma ndi kozizirirako. Kuyambira Malichi mpaka Meyi kumagwa mvula yambiri, udzu umakwirira njira ndi maziko a nyumba. Udzudzu ulipo, gonani m'neti. Anthu a pachilumbapo ndi Asilamu, choncho valani zofika m'mawondo ndi zophimba mapewa, pemphani musanajambule munthu, ndipo pa Ramadani musadye poyera. Manda a pafupi ndi mizikiti ndi a makolo a anthu amene mukukumana nawo m'njira, ena amawayenderabe. Musakwere pa makoma pofuna chithunzi, chifukwa korali wakale amagumuka ndi phazi limodzi. M'mphepete mwa nyanja muona timapale ta mbale zakale, mikanda, mwinanso kandalama kamkuwa kobiriwira. Onani, jambulani, n'kusiya pomwepo. Malamulo a Tanzania amaletsa kutenga kapena kugula zinthu zoterezi.

Mukakhala ndi tsiku lachiwiri, pali malo awiri oti musankhepo. Songo Mnara ndi chilumba china chakummwera, ulendo wa ola kapena kupitirira pa boti, chomwe chili ndi mabwinja a nyumba zamiyala zambiri ndi mizikiti ya m'ma 1400, ndipo njira yake imadutsa m'mikoko, nayonso imayendera madzi. Koma poti munafunsa za akapolo, pitani ku Kivinje, komwe kumafikika pa galimoto popatuka pa msewu wa ku Nangurukuru. Kumeneko ndi kumene ankafikira anthu amene Jumbe ankawawolotsa pa zombo kuchokera ku Nkhotakota, ndi amene ankatumizidwa ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mataka, atayenda miyezi pamtunda atasenza minyanga, asanakwezedwe zombo za ku Zanzibar. Mupeza nyumba zosanja za amalonda zikugumuka m'mbali mwa misewu yopapatiza, boma lakale la Ajeremani likuyang'ana kunyanja, ndi malo otchedwa Mwembe Kinyonga, pomwe panali mtengo wa mango umene Ajeremani ankapachikapo anthu. Ku Kivinje komweko, mu 1895, anapachika Hassan bin Omari Makunganya, Myao amene anawaukira. Fikani chakum'mawa pamene asodzi akukocheza, ndipo pemphani wotsogolera wa ku Masoko yemweyo apite nanu, chifukwa nyumba zambiri za ku Kivinje zilibe chikwangwani chofotokoza kuti zinali za yani.